Nsomba ya m'buku lalikulu

Mwezi watha ndinali kwa Mposa, ku Machinga, kukacheza ndi achemwali anga omwe amaphunzitsa Sitandade 1. Tsiku lina ndinawaperekeza kusukulu, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi. Nthawi ya Chingerezi itakwana, anatulutsa buku la zithunzi lalikulu kuposa lichero, n'kulikweza m'mwamba kuti ndi akumbuyo omwe aone. Phokoso lonse linati zii. Ana ankadya ndi maso m'buku limodzi ngati mmene timadyera nsima m'mbale imodzi.

Patsamba lina panali nsomba. Achemwali analoza nati, "Fish." Ana onse: "Fiiish!" Kamnyamata kena kapatsogolo kanakweza mkono. "Madamu, ameneyo ndi mlamba. Taonani ndevu zake." Anzake anaseka. Achemwali anati, "Iwe, nena kuti fish." Kananena, koma motsitsa mawu.

Kuyambira tsiku limenelo funso likundivuta: kodi pakati pa bukulo ndi mwanayo, wodziwa zambiri anali ndani?

Mwanayu wakulira m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Amasiyanitsa mlamba, makumba ndi matemba ali patali. Kunyumba amati somba m'Chiyao, kusukulu amati nsomba. Makolo ake anaiona nyanja ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018, ndipo amadziwa kuti mlamba ndi womwe umapirira m'matope zinzake zitatha. Zonsezi buku linazikulunga m'liwu limodzi, ndipo tsikulo mwana yemwe ankadziwa kwambiri ndi amene anaoneka wolakwa.

Komatu achemwali sindingawaweruze. Madzulo tikusenda chinangwa ndinawafunsa, iwo n'kundiyankha kuti, "Achimwene, mlambawo ukamulembera mayeso?" Akunena zoona. Mayeso a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, makalasi ndi odzaza mpaka pakhomo. Mphunzitsi mmodzi sangamvetsere nkhani ya mwana aliyense. Kumumana mwana wa msodzi Chingerezi pofuna kulemekeza za kwawo n'kumutsekera njira imene ana a m'tauni akudutsamo tsiku ndi tsiku. Chimenecho n'chifundo chabodza.

Ndiye vuto silili pa liwu lakuti fish. Lili pa chimene mwana amaphunzira mwakachetechete pamodzi ndi liwulo. Akamasekedwa nthawi iliyonse yomwe watulutsa zimene akudziwa, amayamba kukhulupirira kuti nzeru zimakhala m'buku mokha, ndipo za bambo ake n'zosiya panja pamodzi ndi matope a kumapazi. Ine ndinaleredwa choncho. Chingerezi ndimachilankhula, koma mayina a mitengo ya m'phiri la Chikala omwe agogo ankandiuza ndinawataya, chifukwa ndinkawaona ngati achabe.

Ubwino wa buku lalikulu ndi woti chithunzi amachiona onse, ndipo mwana amayamba kuchiwerenga asanadziwe chilembo n'chimodzi chomwe. Kamnyamata kaja kanawerenga ndevu za mlamba, ndipo kanawerenga molondola. Zikanangotengera mpweya umodzi kunena kuti, "Eya, ndi mlamba. M'Chingerezi, mlamba ndi matemba onse ndi fish." Mwana akanapita kwawo ndi mawu atatu, mutu uli m'mwamba.

Nditawauza zimenezi, achemwali anaseka nati, "Mawa mubwere mudzaligwire ndinu bukulo, tione." Sindinapite. Mwina n'chifukwa chake ndikulemba pano, poti kulankhula n'kosavuta kwa munthu wokhala kumbuyo kwa kalasi.