Mawa Adzazima Zako

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mwambiwu ndi wanzeru, ndipo ndi umene umatisonkhanitsa pa maliro ndi pa dima. Komabe tikaupenyetsetsa tiona kuti mkati mwake muli kangongole. Ndizimira mnzanga lero popeza ndikuyembekeza manja ake mawa. Nanga munthu amene manja ake sangadzazimenso kanthu, adzamzimira ndani?

Funso limeneli silichokera kutali ayi. Ku Utale, m'dera la Balaka limene kufikira 1998 linali mbali ya boma la Machinga, ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni, ndipo pambuyo pake panakhazikitsidwa malo osamalirako odwala khate. Akuluakulu akumbukira bwino m'mene wakhate ankakhalira kumudzi masiku amenewo. Anali ndi mbale yakeyake, chikho chakechake, ndi kanyumba kumapeto kwa mudzi. Ena zala zinali zitatha. Munthu wotere sangakuthandize kupalira, sangadzakukumbire manda. Tikatsata mwambi uja, kupalana naye ubwenzi nkutaya mphamvu pachabe. Koma anapezeka anthu amene ankamtsuka zilonda tsiku ndi tsiku, nakhala naye pa mphasa kucheza, osayembekeza kanthu.

Kuchezako ndiko kumandigwira mtima. Mankhwala ungathe kupereka uli chapatali, ufa ungathe kutumiza mwana. Ambuye Yezu akanatha kuchiritsa wakhate uja ndi mawu okha, koma anatambasula dzanja namkhudza. Bambo Damiano woyera anafika pa chilumba cha Molokai mu 1873, nadya pamodzi ndi akhate mpaka iye yemwe anatenga nthendayo, namwalira mu 1889.

Lero khate limachizika ndi mankhwala a kuchipatala, tithokoze Mulungu. Koma kanyumba ka kumapeto kwa mudzi sikanagwe. Mukukhala amene wabwera kuchokera kundende, gogo amene akumunena ufiti, ndi bambo amene mowa wamutha, amene anasiya kusonkha ku mphakati ndipo saonekanso pa maliro. Za uyu timati, "Tidzaona tsiku lake."

Wina adzati kukonda munthu wotere nkumulimbikitsa m'zoipa. Chenjezo limeneli ndi loona ndithu, pakuti bwenzi amene amangosekerera zolakwa ndi mdani wobisala. Mudzudzuleni, m'maneni ndalama za kachasu ngati nkofunika. Koma kudzudzula nkwina, kutaya munthu nkwinanso, ndipo ife kawirikawiri timataya nkumati tadzudzula. M'munda wa Getsemani Ambuye anadziwa bwino chimene Yudasi anadzera, komabe anamutcha bwenzi pamaso pa anthu onyamula malupanga.

Abale anga, nyumba ya bambo uja ili m'mbali mwa njira imene timadutsa pochokera ku Misa. Khomo lake limakhala lotsegula, ndipo kawirikawiri iye amakhala pakhonde, akutiona tikudutsa.