Madzi a M'injini ndi Funso la Chombo cha Theseus

Injini ya petulo imapanga kutentha kochuluka kuposa mphamvu imene imafika ku matayala. Pa mphamvu yonse ya mafuta oyaka m'masilinda, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi ndilo limayendetsa galimoto. Gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limalowa m'zitsulo za injiniyo, moti likapanda kuchotsedwa msanga zitsulozo zimapindika. Ntchito yochotsayo ndi ya madzi. Pampu imawakankha m'tinjira tozungulira masilinda, amakwera ku hedi, amatulukira pa paipi ya pamwamba n'kulowa mu radiyeta momwe mphepo imawaziziritsa, kenako amabwerera pa paipi ya pansi. Panjirapo pali kachitseko kotchedwa thermostat, kamene kamakhala kotseka injini ikadali yozizira, n'kutseguka madzi akafika pa madigiri 82 kapena 88 malinga ndi mtundu wake. Chivindikiro cha radiyeta nachonso chili ndi ntchito yake: chimapanikiza madzi kuti asawire pa madigiri 100. Cholembedwa 13 psi chimakankhira kuwirako kufika cha pa madigiri 119.

Pa zinthu zonsezi palibe chimene chinapangidwa kuti chikhale mpaka kalekale. Mapaipi a labala amauma n'kung'aluka, sipuling'i ya m'chivindikiro imafooka, pampu imayamba kudontha, ndipo madzi enieniwo amatha mphamvu. Galimoto yaliwiro ya zaka makumi asanu imene ikuyendabe ndiye kuti yasinthidwa zinthu zimenezi kangapo konse. Apa ndi pomwe nkhani ya m'galaja imakumana ndi funso lakale la afilosofi: chinthu chimene zigawo zake zikusinthidwa chimodzichimodzi, kodi chimakhalabe chomwe chija?

Galimoto imene imaonetsa funsoli bwino ndi Triumph Stag, yopangidwa ku Coventry m'dziko la England kuyambira 1970 mpaka 1977. Maonekedwe ake anajambula ndi Giovanni Michelotti wa ku Italy, ndipo zonse zimene zinapangidwa sizinakwane 26,000. Injini yake inali V8 ya malita atatu, yopangidwa ndi Triumph yomweyo, ndipo palibe galimoto ina imene inaigwiritsa ntchito. Buloko yake inali yachitsulo koma mahedi ake awiri anali a aluminiyamu. Pampu ya madzi inaikidwa pamwamba, pakati pa mizere iwiri ya masilinda, kotero madzi akangotsika pang'ono pampuyo inkangopukusa mpweya. M'mainjini ena munkatsalira mchenga wa m'chikombole choumbira buloko, ndipo mchengawo unkakatseka timachubu ta radiyeta. Choipitsitsa chinali chakuti chitsulo ndi aluminiyamu zikakhala m'madzi amodzi opanda mankhwala, aluminiyamu ndi amene amadyeka. Eni ake ambiri anazolowera mainjini achitsulo chokhachokha amene ankapirira madzi a pampopi, choncho ankathira mankhwala a antifreeze nyengo yozizira yokha. Mahedi ankadyekera m'kati, zinyenyeswa zake zinkadzaza radiyeta, injini inkatentha, hedi inkapindika, gasiketi n'kupsa. Makaniko akati achotse hediyo ankapeza kuti mabawuti ake, amene ena analowa mopendekeka, agwirana ndi aluminiyamu, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inkatha sabata. Mbiri yoipa inafalikira, ndipo pofika 1973 galimotoyi inaleka kugulitsidwa ku America.

Kusamala injini yotere kumayamba ili yozizira, makamaka m'mawa isanalizidwe. Chivindikiro sichitsegulidwa injini ili yotentha, chifukwa madzi opanikizidwa aja amawira nthawi yomweyo n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Woyang'ana amaona kaye mlingo wa madzi, kenako mtundu wake. Madzi abwino amakhala opanda litsiro, a mtundu wa mankhwala ake. Ofiirira ngati a m'chithaphwi akunena za dzimbiri. Paipi iliyonse amaifinya ndi dzanja. Yabwino imabwerera ngati mnofu wa pamkono. Yolimba gwa, kapena yofewa tapatapa, kapena yotupa pafupi ndi kilampu, yatha ngakhale isanadonthe. Pansi pa pampu ndi pamalumikiziro amayang'ana tizipsera toyera kapena tobiriwira, ngati mchere wouma, chifukwa madzi odontha pang'onopang'ono amaumira pa chitsulo chotentha asanafike pansi. Lamba wa fani amamukanikiza ndi chala kuti aone ngati walefuka. Pomaliza amatsegula pothirira oyilo: akapeza phala loyera ngati chambiko pansi pa chivindikiro, amayamba kukayikira gasiketi, makamaka ngati madzi akumatha popanda podontha ndipo utsi ukutuluka woyera, wonunkhira motsekemera.

Injini ikatentha bwino, radiyeta yotsekeka imadziulula yokha: mbali zina zimatentha, zina zili zii. Thermostat yokayikitsa imayesedwa mu poto pamoto, kuona ngati ikutseguka madzi asanawire. Pali amakaniko ena amene galimoto ikamatentha amangochotsa thermostat n'kuitaya. Vuto lenileni limatsala pomwepo, ndipo injini imayamba kuchedwa kufunda, zomwe zimaidya mwa njira ina.

Mankhwala a m'madzi ali ndi ntchito ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Akasakanizidwa theka ndi theka, ethylene glycol amaletsa madzi kuundana mpaka cha pa madigiri 37 pansi pa ziro, ndipo mphamvu imeneyi siitha msanga. Koma m'botolo lomwelo muli mankhwala ena oletsa dzimbiri, ndipo amenewa amatha. Pa mtundu wakale, womwe ku Britain nthawi zambiri umakhala wabuluu, amatha pakapita zaka ziwiri. N'chifukwa chake ganizo lofala m'mayiko otentha, lakuti kopanda chisanu madzi a pachitsime ndi okwanira, limaononga mahedi a aluminiyamu mofanana ndi momwe linaonongera a Stag. Mankhwalawa ndi otsekemera koma ndi poizoni, ndipo otayidwa pabwalo amapha agalu ndi amphaka.

Tsono taonani chimene chikuchitika. Mwini amene akufuna kusunga mahedi omwe galimoto inatuluka nawo ku fakitale ayenera kutaya madzi pa zaka ziwiri zilizonse, kutaya mapaipi asanaphulike, kutaya chivindikiro, ndipo nthawi ina kutaya timachubu tonse ta radiyeta. Mwini amene sakhudza kalikonse, ponena kuti akusunga zonse monga zinalili, ndi amene amataya injini. Pa galimoto yakale, kusasintha kwa gawo limodzi kumagulidwa ndi kusinthasintha kwa magawo ena.

Tibwerere ku funso la afilosofi lija. Plutarch, polemba za moyo wa Theseus, anasimba kuti anthu a ku Athens anasunga chombo cha ngwaziyo mpaka m'masiku a Demetrius wa ku Phalerum, amene analamulira mzindawo kuyambira 317 mpaka 307 BC. Thabwa likaola ankalichotsa n'kuikapo lina. Afilosofi a kumeneko anagawanika, ena akuti ndi chombo chomwe chija, ena akuti ayi. Thomas Hobbes, m'buku lake De Corpore la 1655, anaonjezera mfundo yovutitsa. Tiyerekeze kuti munthu wina ankatola thabwa lililonse lochotsedwa n'kulisunga, ndipo pamapeto pake analumikiza onse n'kupanga chombo. Tsopano pali zombo ziwiri. Chimodzi chili ndi matabwa enieni a Theseus, china chili ndi mbiri yosaduka ya kukhala padoko ndi kukonzedwa. Zonse ziwiri sizingakhale chombo chimodzi.

Magalaja a eni magalimoto akale amadziwa munthu wa Hobbes ameneyu, chifukwa eni ambiri ndi iyeyo. Pakona pamakhala katoni ya pampu yakale, radiyeta yoboola ndi hedi yopindika, zosungidwa poti ndi zenizeni. Koma mulu umenewo uli ndi phunziro limene chombo cha Hobbes chimabisa. Zigawozo zinachotsedwa chifukwa zinalephera ntchito. Atazilumikiza zonse, chotulukapo sichingayende mtunda wa kilomita imodzi chisanawire. Ngati galimoto ndi chinthu choyenda, ndiye kuti mulu wa zigawo zenizeni uli kutali ndi kukhala Stag kusiyana ndi ija yovala mapaipi a chaka chatha. Maganizo amenewa akutsamira kwa Aristotle, amene anasiyanitsa chimene chinthu chapangidwa nacho ndi kapangidwe kake ndi cholinga chake. Kwa iye nkhwangwa imene singadule ndi nkhwangwa pa dzina pokha.

Abuda anayankha mwa njira ina, ndipo chitsanzo chawo chinali cha galimoto ya nthawi yawo. M'buku la Milindapanha, mfumu Milinda, imene akatswiri amati ndi Menander, mfumu yachigiriki ya kumpoto chakumadzulo kwa India m'zaka za m'ma 100 BC, inakambirana ndi mmonke Nagasena. Mmonkeyo anaifunsa mfumu ngati galeta limene inabwera nalo ndi mtanda wake, kapena magudumu, kapena goli, kapena zingwe. Mfumu inakana chilichonse, ndipo inavomera kuti mawu akuti galeta ndi dzina chabe limene anthu amapereka zigawozo zikalumikizana. Nagasena ankafuna kuonetsa kuti munthu nayenso ali choncho, wopanda kanthu kena kosasintha kobisika m'kati. Potsatira maganizo amenewa, funso la Plutarch lilibe yankho chifukwa lafunsidwa molakwika: palibe Stag yeniyeni yobisala kuseri kwa zitsulo imene ingatayike paipi ikasinthidwa. Madzi a m'injini akugwirizana ndi Nagasena kuposa gawo lina lililonse. Ndi amene amasunga injini yamoyo, koma palibe mwini amene amadandaula kuti madzi a 1972 anapita kuti.

Komabe yankho limeneli silikhutiritsa aliyense, ndipo mbiri ya Stag ikuonetsa pomwe likuperewera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 eni ambiri anatopa n'kuzula injini yonse. Ena anaikamo V8 ya Rover ya malita atatu ndi theka, ena V6 ya Ford, ena injini ya masilinda asanu ndi imodzi ya Triumph. Galimotozo zinayenda bwino, zina kuposa kale. Koma okonda Stag ambiri sanazione mofanana ndi zinzake, ndipo patapita nthawi, anthu atadziwa kasamalidwe ka injini yoyamba ija, zina zinabwezeredwa V8 ya Triumph, ndipo zimenezi ndi zimene ogula amazifuna kwambiri. Anthu omwewo amene savutika ndi radiyeta yatsopano, fani yamagetsi kapena thanki ya madzi yoikidwa pamwamba kuti pampu isaume, amaima pa injini. Ngati Stag likanakhala dzina chabe, gawo lililonse likanalemera mofanana. Zoona zake n'zakuti anthu amasiyanitsa zigawo zotumikira ndi zigawo zimene zikutumikiridwa, ndipo injini yovutitsa ija, ndi kulira kwake ndi zilema zake zomwe, ili m'gulu lachiwiri. N'zodabwitsa ndithu kuti chimene chinaipitsa dzina la galimotoyi ndi chimenenso eni ake amati ndiye mtima wake.

Boma la Britain linakakamizika kuyankha funsoli ndi manambala, poti nambala ya galimoto iyenera kukhala pa galimoto imodzi. Kwa zaka zambiri bungwe la DVLA linkagwiritsa ntchito mapointi pa galimoto zosinthidwa kwambiri. Kuti isunge nambala yake yakale inkafunika mapointi 8, ndipo 5 mwa amenewa ankachokera ku chasisi kapena thupi losasinthidwa. Injini inkapatsidwa pointi imodzi yokha, pomwe giyabokosi inali ndi ziwiri. Kwa boma, Stag ya injini ya Rover inali Stag yomwe ija. Kwa okonda galimotoyi sinali. Palibe amene analakwa pa awiriwa, chifukwa ankafunsa mafunso osiyana: wina za msonkho ndi umwini, wina za chimene chinachoka m'manja mwa amisiri a ku Coventry.

Miyambo ina inasankha mbali poyera. Kachisi wamkulu wa Shinto ku Ise, m'dziko la Japan, amamangidwanso ndi matabwa atsopano pa zaka 20 zilizonse, ndipo mu 2013 anamangidwa ka 62. Chimene chimasungidwa kumeneko ndi kapangidwe pamodzi ndi luso la amisiri, poti m'badwo uliwonse umaphunzira pomanga. Achewa nawo amadziwa kulowa dzina, pamene mphwake wa mfumu yomwalira amatenga dzina ndi udindo wa malume ake, ndipo mudzi umamutchula ngati yemwe uja ngakhale aliyense akudziwa kuti thupi ndi lina. M'zitsanzo ziwirizi kupitirira kwa chinthu kumadalira anthu amene akuchita ntchito yake pa nthawi yake, ndipo kukadukiza m'badwo umodzi kumavuta kukubwezera.

Galimoto yakale ili pakati pa Ise ndi katoni ya Hobbes. Zigawo zina, monga buloko yokhala ndi nambala yodindidwa ku fakitale, sizingapangidwenso n'kukhala zomwezo, ndipo zikang'aluka zapita. Zina zimasinthidwa popanda wofunsa. Malire a magulu awiriwa sanalembedwe m'chitsulo, ndipo amasuntha: radiyeta yamkuwa imene mu 1985 inkatayidwa ku dzala lero ena amaitumiza kwa mmisiri kuti asinthe timachubu ta pakati pokha, n'kusunga matanki ake apamwamba ndi apansi, kuti chooneka potsegula boneti chikhale chakale pomwe chogwira ntchito chili chatsopano.