Kamera Isamakuganizireni M'minda ya Tiyi

Ana anga amene mwayamba kuulutsa madroni m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, pali dandaulo limene silichoka pakamwa panu. Mumati kanema anayamba bwinobwino, pakati n'kungoti bii, kenako n'kuyera mbee, chikhalirecho inu simunakhudze kalikonse. Ena mpaka mumafuna kuigulitsa droniyo poganiza kuti yafa. Sinafe ayi. Vuto lagona pomwepo pamene mukuti simunakhudze kalikonse: munaisiya kamera pa Auto kuti izikuganizirani.

Kamera ya pa Auto imachita ngati diso la munthu amene watuluka m'nyumba ya mdima dzuwa lili paliwombo: imadzichepetsera yokha kuwala kukachuluka, n'kudziwonjezera kukachepa. Imayeza zonse zimene zili patsogolo pake n'kufunafuna pakatikati. Tsono dziko la Thyolo lilibe pakatikati. Taimani pa esiteti ngati ya Satemwa, imene yakhalapo kuyambira 1923, muyang'ane. Masamba anthete a pamwamba pa tiyi amanyezimira, mizere ya bulugamu ndi yoderapo, nkhalango ya m'phiri la Thyolo ndi yakuda, denga la malata la fakitale limathobwa m'maso, ndipo damu limabweza dzuwa lonse. Droni ikadutsa zonsezi pa mphindi imodzi, kamera imasintha maganizo pa chilichonse. Mukangodzutsa pang'ono gimbal yonyamula kamera kuti phiri la Mulanje lioneke kum'mawa, thambo limadzaza theka la chithunzi, kamera n'kuchepetsa kuwala, tiyi yense n'kuda.

Musathamangire kukonza musanadziwe chimene chalakwika. Ikani kanemayo pa kompyuta, muimitse pamalo penipeni pamene kuwala kwasintha, mudzifunse kuti chalowa m'chithunzi n'chiyani. Ngati kwalowa thambo, malata kapena madzi ndipo chithunzi chonse chada nthawi imodzi, wolakwa ndi Auto. Ngati mdima ukuyenda pansi, kuchokera mbali ina ya munda kupita mbali ina, umenewo ndi mtambo, ndipo kamera ilibe mlandu. Ngati mukuona kuphethiraphethira kofulumira pamene droni yalunjika kudzuwa la m'mawa kapena lamadzulo, ndi zithunzithunzi za mapiko ake zikumenya pagalasi. Tembenukani pang'ono kapena muuluke chobwerera m'mbuyo. Ngati chasintha ndi mtundu, tiyi wobiriwira n'kusanduka wachikasu kapena wabuluu, ndiye kuti white balance nayo munaisiya pa Auto. Ndipo nthawi zina kanema alibe vuto n'komwe, yakunamizani ndi foni imene imadziwalitsa ndi kudzizimitsa yokha padzuwa. Madroni ambiri a DJI amatha kusunga kafayilo kolemba ISO ndi shutter za nthawi iliyonse ya kanema. Yatsani zimenezo musananyamuke, manambala adzakuuzani okha pamene kamera inasintha.

Mankhwala ake ndi kutenga udindo droni ikadali pansi. Chokani pa Auto, mulowe pa Manual kapena Pro. Masana ISO ikhale pa 100. Ngati mukujambula mafulemu 25 pa sekondi, shutter ikhale pa 1/50. Ngati ndi 30, ikhale pa 1/60. Mukatero padzuwa la Okutobala chithunzi chiyera mbee, ndipo madroni ang'onoang'ono ngati Mini salola kuchepetsa kabowo kolowera kuwala. Apa m'pamene pamafunika timagalasi takuda totchedwa ND: ND8 kukakhala mitambo, ND32 kapena ND64 dzuwa likaswa mtengo. Ndikudziwa kuti ndalama n'zovuta, koma timagalasi timeneti n'totchipa poyerekeza ndi ulendo wobwereza ntchito imene kasitomala waikana. Samalaninso msampha uwu: ena mumamanga shutter n'kuiwala kuti ISO yatsala pa Auto, ndiye kamera imapitiriza kusewera chakumbuyo. White balance muiike pa 5500K masana, isasunthe. Ngati nthawi yachepa, lozetsani kamera pamene mukufuna kujambula, mukanikize AE Lock kuti kamera isasinthenso kuwala.

Poyeza kuwala, khulupirirani histogram, kachithunzi koonetsa kuchuluka kwa kuwala ndi mdima, osati maso anu pa foni. Yambani mwauluka njira yonse osajambula, mupeze malo owala kwambiri, muyezere pamenepo. Malo amene ada pang'ono mutha kuwadzutsa pokonza kanema; mtambo kapena denga limene lapsa n'kuyera mbee silibwereranso, ngakhale mutakhala katswiri wotani.

Za mtambo, palibe batani. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimabwera kuchokera ku Mozambique ndi chifunga ndi mawawa, dzuwa n'kumangosuzumira n'kubisalanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani kumene mphepo ikuchokera, muone mpata wa pakati pa mitambo, mujambule tizigawo tatifupi m'malo mwa ulendo umodzi wautali. Pukutaninso galasi musananyamuke, chifukwa chinyontho cha m'mawa chimachititsa chithunzi kuoneka ngati muli utsi. Mawawa akayamba, tsitsani droni; siinapangidwe kuti izinyowa.

Musaone ngati izi ndi za okonda zokongola okha. African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo yunivesite ya MUST, imene ili ku Ndata m'boma lomweli, ili nawo pa ntchitoyi. Achinyamata ophunzira kumeneko amagwiritsa ntchito madroni pojambula mapu a minda ndi a malo osefukira madzi, ndipo aliyense amene anaona zimene namondwe Freddy anachita kuchigawo chakumwera mu Malichi 2023 akudziwa kufunika kwake. Mapu otere amalumikizidwa kuchokera ku zithunzi zambirimbiri, ndipo kuwala kukamasinthasintha mapuwo amatuluka zigambazigamba, wowerenga n'kuyesa kuti mbewu yadwala pomwe unali mthunzi chabe.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi nkhope za othyola tiyi. Mayi amene walawirira mbandakucha, dengu lili kumsana, manja onse awiri akuthyola nsonga, kamera ya pa Auto imamudetsa kuti ipulumutse thambo, n'kungotsala chinthu chakuda chopanda maso pakati pa munda wokongola. Kanema wotere ndimamukana. Ngati munthu ndiye mutu wa chithunzi, yezerani kuwala pankhope pake, dzuwa likhale kumbuyo kwa droni, thambo mulichepetse m'chithunzi. Ndipo musanaulutse, pitani kuofesi ya esiteti mukapemphe chilolezo, mulankhule ndi a kapitawo, mupereke moni kwa amayi ndi abambowo, muwafunse ngati akulola kujambulidwa. Amene wakana musamujambule, ndipo amene walola mukamuonetse kanemayo mukatsitsa droni.