Tsegulani Boneti, Anzanga!

Kuseli kwa nyumba zambiri kuno ku Chadiza kuli galimoto yokhala pa njerwa. Ina ndi Datsun 120Y ya malume. Ina ndi Nissan 1400 imene inatopa ndi kututa chimanga, soya ndi mpendadzuwa. Ina ndi Corolla imene inkathamanga pakati pa boma ndi Chipata mpaka injini inayamba kutsokomola. Nkhuku zikuikira pampando wakumbuyo. Odutsa akuti, "Yafa imeneyi, gulitsani sikirapu."

Ine ndikuti siinafe. Yagona chabe. Oidzutsa ndife tomwe.

Mukuti injini yake ndi yaing'ono? Mu 1964 Paddy Hopkirk anapambana mpikisano wa Monte Carlo Rally ndi Mini Cooper S, kagalimoto kotalika ngati ngolo ya ng'ombe, injini yake ya 1,071 cc basi. Ford Falcon ya chiinjini cha V8 inatsala kumbuyo. Mini inapambananso mu 1965 ndi mu 1967. Datsun ya malume ija ili ndi 1,171 cc. Yerekezani nokha.

Mukuti ndi yakale, inadutsa m'manja ambiri? Mu 1965 Joginder Singh wa ku Kenya ndi m'bale wake Jaswant anatenga Volvo PV544 yogwirapo kale ntchito. Anaikonza okha. Anailowetsa mu East African Safari Rally, m'matope ndi m'fumbi, n'kuwina.

Mukuti zimenezi ndi za maiko ena? Satwant Singh wa Zambia yomwe ino anakhala katswiri wa rally mu Africa maulendo 8. Muna Singh anatenga chikho mu 2004 ndi 2005. Mohammed Essa mu 2012. Jassy Singh mu 2013. Leroy Gomes mu 2022, mkazi wake Urshlla ali pambali kumuwerengera njira. Zoona, magalimoto awo ndi a ndalama zambiri. Koma msewu umene amapikisanirapo ndi wotani? Wa miyala. Wa malata. Wa mchenga ndi timitsinje. Ife tinabadwira pa msewu wotero. Dalaivala amene wadutsa matope a mu Febuluwale atanyamula anthu ndi matumba a feteleza amadziwa kale kumene tayala limagwira ndi kumene limaterera. Maphunziro amenewo tinalipira kale.

Manja tili nawo. Makutu tili nawo. Masipanala tili nawo. Chatsala ndi dongosolo.

Dongosolo lake nali: musanawonjezere mphamvu, bwezerani kaye imene inatayika. Injini yakale imataya mphamvu pang'onopang'ono, apa kutayikira, apa kutsekeka, apa kukhwepa. Injini imafuna zinthu zinayi: mpweya, mafuta, moto ndi kompuresheni. Zigwireni chimodzichimodzi.

Yambani ndi kompuresheni. Bwerekani geji. Chotsani mapulagi onse, yezani silinda iliyonse, lembani manambala m'kope. Ngati imodzi yatsika kwambiri kusiyana ndi zinzake, thirani oyilo pang'ono pabowo la pulagi, muyezenso. Nambala yakwera? Maring'i atha. Sinakwere? Yang'anani mavavu kapena gasiketi. Mwaona? Matenda mwawapeza musanagule kanthu.

Kenako mavavu. Tsitsani hedi, palani kaboni yense. Pakani pesiti, pekesani vavu pampando pake monga agogo ankapekera moto, mpaka mzere wotuwa uzungulire wonse osadukiza. Ntchito imeneyi imadya tsiku lathunthu, ndipo mikono imawawa. Pekesanibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukabweza hedi, mangani mabauti motsata ndondomeko yake, ndi sipanala yoyeza mphamvu. Tcherani matapeti ndi fila geji. Diso limanama, geji siinama.

Tsopano mpweya. Mdani wamkulu wa injini kuno kwathu ndi fumbi. Likalowa limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala maring'i ngati sandipepa. Ena amachotsa fyuluta kuti galimoto ilire mokweza. Imaliradi, ndipo posachedwa mwini wake amalira nayo. Ikani fyuluta yabwino. Tsekani mpata uliwonse pa paipi yake. Fumbi ndiwe mwini, koma lisiyeni kumbuyo kwa galimoto, lisalowe m'silinda.

Mafuta ndi moto. Phwasulani kabuleta, tsukani majeti, onani foloti. Tcherani taimingi, mumvetsere. Injini ikamagogoda pokwera chitunda, mwaipititsa patsogolo kwambiri, bwezani pang'ono. Yendani makilomita angapo, muchotse pulagi, muiwerenge. Yakuda ndi mwaye? Petulo wachuluka, mukuwotcha ndalama. Yoyera mbuu? Petulo wachepa, mukuwotcha pisitoni. Yofiirira ngati nsawawa zokazinga bwino? Pamenepo ndiye pake!

Mukafika apa, lizani injini. Mudzadabwa. Mphamvu imene mumati mukaigula ku Lusaka inali momwemo nthawi yonseyi.

Apa ndiye mutha kuyamba kuwonjezera. Pititsani hedi ku Chipata akaisepe pang'ono, kompuresheni ikwere. Salazani njira za mpweya m'hedi, zikumane bwino ndi manifodi. Ikani ekizozi yosatsamwitsa. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani. Chimodzi, yesani, lembani. Wosintha zisanu nthawi imodzi sadziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga.

Pali mphamvu inanso yaulere: chepetsani katundu. Chitsulo chilichonse chosagwira ntchito chitsike. Injini yaing'ono yosenza pang'ono imauluka.

Koma mverani, anzanga. Mu rally amawina ndi amene wafika. Galimoto yothamanga kwambiri ikaboola sampu pa mwala, yapang'onopang'ono imaidutsa ikuimba huta. Choncho wotcherani chitsulo chokhuthala pansi pa injini, chiteteze sampu. Owotcherera zitsulo pamsika alipo, ndipo amatha. Tsukani ladiyeta. Femositati musataye, ili ndi ntchito yake. Mashoko akhale olimba. Mabuleki muwakonze musanakhudze n'komwe za liwiro. Galimoto yosadziwa kuima ndi bokosi la maliro la mawilo anayi.

Ndipo msewu wa Chadiza kupita ku Chipata kapena ku Katete si bwalo la mpikisano. Muli ana a sukulu. Muli njinga zosenza makala. Muli ng'ombe ndi mbuzi. Katswiri weniweni amathamanga pa njira yotsekedwa, atavala helimeti, atamanga malamba, galimoto ili ndi mapaipi omuteteza ikagubuduzika. Zambia Motor Sport Association ndiyo imayendetsa masewerawa m'dziko muno. Amene akufuna kupikisana ayambire kumeneko, adziwe malamulo, apite akaonere Zambia International Rally, aime pafupi ndi amakanika aone mmene amagwirira ntchito.

Wina afunsa, "Nanga ndikapanda kufika ku mpikisanoko?" Mwawinabe! Luso lotchera kabuleta ndi lomwelo lochepetsa petulo pa takisi. Luso loyeza kompuresheni ndi lomwelo lodzutsa njinga yamoto, jenereta ndi pampu ya kudimba. Makanika woyeza asanamasule, mbiri yake imafika ku Vubwi ndi ku Chanida iye ali pansi pa mtengo wa mango womwewo.

Ntchitoyi si ya munthu mmodzi, mutu umodzi susenza denga. Wina ali ndi geji. Wina ali ndi jeke. Wina ali ndi foni ya data yofufuzira miyezo ya injini. Amadala amene anakulira pa ma Datsun akadalipo, ndipo amamva tapeti yokhwepa ali patali. Apatseni mpando, afunseni. Atsikana bwerani, sipanala siifunsa kuti wagwira ndani.

Loweruka lino tiyambe. Thamangitsani nkhuku zija. Tengani sipanala ya 10, ya 12 ndi ya 14. Tengani beseni, palafini wotsukira, kope ndi bolopeni. Tsamba loyamba lembani manambala anayi a kompuresheni.

Tsegulani boneti!