Kuima Kapena Kupitirira?

Pali funso limene limandisautsa pa za maulendo aatali a njinga zamoto: ya mnzako ikafa panjira, kodi uime kapena upitirire?

Taganizirani gulu lochoka ku Balaka, kuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, n'kulowera ku Ntaja mpaka ku Nayuchi. Aliyense wadzikonzera yekha mafuta, pampu, sipanala ndi chubu chapadera. Wina tcheni chikamudukira chifukwa sanachiyang'ane, ambiri amati ndi zake zimenezo. Mfundo ali nayo, pakuti ulesi wa mmodzi suyenera kudya nthawi ya onse.

Pampikisano wa Dakar, umene unayamba mu 1978, woima kuthandiza mnzake wovulala amam'bwezera nthawi imene wataya. Lamulolo n'labwino, koma chifundo chobwezeredwa n'chopepuka. Pamsewu wa ku Nayuchi palibe wokubwezera dzuwa likalowa. Woima amalipira yekha pofika usiku.

Ine ndikuti aime ndithu. Ulesiwo tidzudzule titafika, osati m'tchire mmene munthu watsala yekha ndi njinga yakufa. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Koma uwiriwo umadziwika tsiku limene mmodzi walephera kuyenda.