Masamba Ofiira a Mwezi wa Sepitembala

Mau: Yobu 14:7-15, 1 Akorinto 15:35-44.

Iye amene ayenda pa mseu wa ku Ndola kumka ku Kitwe m'mwezi wa Sepitembala aona cozizwitsa m'nkhalango za mombo zimene zatsalako. Mvula inaleka kale m'Epulo, udzu unapsa ndi moto, pfumbi liri ponse ponse. Koma mitengo ija, imene inayoyola masamba ace m'cilimwe, iturutsa ena atsopano, ofiira ngati mkuwa. Silinagwe dontho ndi limodzi lomwe. Mtengo utenga mphamvu ku mizu yace, kumene unasunga cakudya ndi kumene upeza madzi akuya. Ndipo mvula ya m'Novembala ipeza nkhalango itabvala kale.

Kuyambira zaka za m'ma 1930, pamene migodi ya Roan Antelope, Nkana ndi Mufulira inayamba kuturutsa mkuwa, anthu a ku Chipata, Katete ndi Petauke anamuka kumeneko kukafuna nchito. Ena anafera pansi, monga amuna 89 aja amene matope anawakwirira ku Mufulira pa 25 Sepitembala 1970, mitengo iri cifiirire pamwamba pao. Ambiri anakalambira ku Pamodzi, ku Chifubu kapena ku Wusakile, ndipo aikidwa ku manda a Mitengo kapena a Chingwere, kutali ndi msitu wa makolo ao. Mwana wotsala kumudzi amva uthenga pa lamya. Ndalama ya basi isowa, kapena afika maliro ataikidwa dzulo. Cisoni cace ciri pawiri: amai apita, ndiponso agona pakati pa alendo.

Odzakhuza maliro akonda kumlozera mitengo, nati, taonani, ciri conse cifota ndi kuphukanso. Mau awa ali ndi coonadi, koma ndi theka cabe. Yobu anaciona cimeneci kale lomwe. Anadziwa kuti mtengo wodulidwa uphukanso pa citsa, monga adziwa wootca makala ali yense amene abwerera pamene anadula napeza mphukira zomfika m'cuuno. Koma Yobu sanatonthozedwe nazo. Zinamuwawitsa mtima koposa, pakuti anaona kuti mtengo uli ndi mwai umene munthu alibe. Tsamba limene liphuka siliri lija linagwa. Bowa abweranso pa culu, inswa ziturukanso madzulo a mvula, koma atate sabwera nazo. Cifukwa cace mkulu wa mpingo amene afulumira kutontholetsa wamasiye, ngati kulira ndiko kucepa kwa cikhulupiriro, alakwa. Ambuye mwini anagwetsa misozi pa manda a Lazaro, angakhale anali pafupi kumuukitsa.

Nanga mombo uphunzitsanji? Uphunzitsa za nthawi. Mtengo uwu subvala cifukwa waona mvula. Ubvala kumwamba kuli mbee. Momwemo Yobu, atatha kudandaula, afunsa ngati wakufa adzakhalanso ndi moyo, nayembekeza tsiku limene Mulungu adzamuitana cifukwa ca kukhumba nchito ya manja ace. Analibe cizindikiro, anali ndi muzu wokha. Mkristu ali ndi coposa ca Yobu, pakuti manda amodzi anapezeka kale opanda munthu.

Pamenepa Paulo asiya citsa natenga mbeu, ndipo acita bwino. Citsa cibweza mtengo womwewo, umene nkhwangwa idzaupezanso. Koma cimene cimera pa mbeu sicifanana ndi cimene cinakwiriridwa. M'kutentha kwa Okutobala makoko a mombo aphulika, naponya njere zace kutali. Mwana wotola njere imodzi sakhoza kulota za mthunzi umene uli m'menemo. Cotero thupi lija limene linatha ndi cifuwa ca m'migodi, kapena linapindika ndi khasu ndi mitolo ya nkhuni, liikidwa lofoka, koma lidzaukitsidwa losabvunda. Wamasiye amene akumbukira nkhope yoonda ya masiku otsiriza asayese kuti imeneyo ndiyo adzaionanso.

Ndipo mbeu sifunsa mwini munda. Cimanga ca ku Katete cimera bwino kuseri kwa nyumba ku Pamodzi. Abrahamu anagula phanga la Makipela kwa ana a Heti, naikamo Sara m'dziko limene iye anali mlendo, ndipo Mulungu sanataya malowo. Dothi la ku Ndola liri lace monga la kumudzi. Ndipo mwana amene analephera kuponya dothi pa bokosi sanacotsera kholo lace kanthu pa tsiku la kuuka.

Yatsala nchito ya mpingo. Cisoni cilemetsa manja, ndipo mvula siyembekeza wolira. Amai a Cigwirizano ndi anyamata a mpingo ayang'ane munda wa pa nyumba ya maliro mwezi wa Okutobala usanathe, kuti mizere ikhale yokonzeka. Ndipo ngati kholo linafera kumudzi, nilisiya ngala za mbeu zopacika pa utsi m'khicini, wina akhale ndi mwana wamasiyeyo pozitsitsa ndi pozitonola, cifukwa nchito imeneyo iwawa kuicita yekha.