Anadzisankhira yekha, eti?

Ayezi amene ndimamudziwa ine ndi wa mu filiji basi. Komabe usiku wina tulo titakana kubwera, ndinagula bandulo ya usiku, ndipo YouTube inandiponyera kavidiyo ka masewero a ice hockey, omwe amaseweredwa kwambiri ku Canada ndi ku America. Amuna awiri amatupi akuluakulu, ali pa nsapato zoterera pa ayezi, anataya ndodo zosewerera, n'kuvula magolovesi, n'kuyamba kuswana zibakera. Oyimbira anangoima pambali kudikira kuti wina agwe, bwalo lonse lili chilili kukuwa. Ine ndinaseka, ndinabwereza katatu, kenako ndinaponya pa gulu lathu la WhatsApp.

Kumsana kwa mmodzi wa awiriwo kunalembedwa dzina loti Boogaard. Nditalifufuza, kuseka konse kunathera pomwepo.

Mu ligi yaikulu ya masewerowa, ya NHL, ukamenyana ndi mnzako nthawi zambiri umangokhala panja mphindi 5, kenako n'kubwereranso. Choncho kwa zaka zambiri matimu ankasunga munthu wapadera yemwe amamutcha enforcer. Ntchito yake inali kuteteza akatswiri omwetsa zigoli ndi kuopseza timu inayo ndi nkhonya. Derek Boogaard, wa ku Saskatchewan ku Canada, anali mmodzi wa oopedwa kwambiri. Pa masewero 277 a NHL anamwetsa zigoli zitatu zokha, koma mu 2010 timu ya New York Rangers inamupatsa kontirakiti ya zaka zinayi ya madola 6.5 miliyoni. Mu May 2011 anapezeka atafa ku Minneapolis ali ndi zaka 28, atasakaniza mowa ndi mankhwala amphamvu opha ululu otchedwa oxycodone. Akatswiri a ku Boston University atayeza ubongo wake anapeza matenda a CTE, omwe amapezeka mwa anthu omenyedwamenyedwa m'mutu kwa nthawi yaitali.

Chaka chomwecho mu August, Rick Rypien, wa zaka 27, anadzipha atavutika zaka zambiri ndi matenda a kukhumudwa. Mwezi usanathe, Wade Belak, wa zaka 35, yemwe anali atangopuma kumene pa masewero, anapezeka atafa ku Toronto. Onse atatu ankadziwika ndi nkhonya. Mu February 2015, Steve Montador anamwaliranso ali ndi zaka 35, ndipo ubongo wake nawonso unapezeka ndi CTE.

Nditawafotokozera anzanga pa gulu paja, wina anandiyankha mwachidule: "Aise, anadzisankhira okha. Ankalandira mamiliyoni, iwe ukudandaula chani?" Funso limeneli landisowetsa mtendere masiku angapo, chifukwa si lopusa. Munthu wamkulu ali ndi ufulu woika moyo wake pachiswe. Ndalama analandiradi, zoti ambirife sitidzaziona mpaka kufa. Ngati mgwirizano unali wakuti iwe menya ife tikulipire, ndipo mbali zonse zinachita zake, ngongole yatsala pati?

Ine ndikuona kuti yatsala, pa zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi nthawi imene munthuyo anasankha. Boogaard anayamba kumenyana m'maligi a achinyamata asanakwane zaka 20, ataona kuti khomo lake lolowera mu NHL ndi thupi lake lalikululo. Mnyamata wa msinkhu umenewo amadziwa kuti dzino likhoza kuguluka, mphuno ikhoza kuthyoka. Zoti tsiku lina azidzaiwala zinthu, kupsa mtima popanda chifukwa, kapena kukhumudwa osadziwa chimene chamukhumudwitsa, anthu ambiri nthawi imeneyo sankazikamba. Ukagulitsa munda usakudziwa malire ake, siginecha yako ilipo ndithu, koma chilungamo sichinathere pamenepo.

Chachiwiri ndi nthawi imene chilonda chimaonekera. CTE amatsimikizika munthu akamwalira, ubongo wake ukayezedwa, ndipo zizindikiro zake zimatha kubwera patapita zaka. Timu imalipira munthu pamene akusewera, pomwe vuto limafika pachimake kontirakiti itatha, madokotala a timu akusamala ena. Onjezanipo ichi: munthu amene kuyambira ali mwana ankauzidwa nthawi yodzuka, chakudya ndi malo opita, amadzuka tsiku lina ali ndi zaka 33, foni ili zii. Anzake omwe ankavala nawo m'chipinda chimodzi ali pa ndege kupita ku masewero ena. Ngakhale ubongo utakhala bwinobwino, kusungulumwa kotereku kumadwalitsa.

Osewera opuma oposa 300 anasumira NHL pa nkhani ya kuvulala m'mutu. Mu November 2018 mbali ziwirizi zinagwirizana pa ndalama pafupifupi madola 19 miliyoni, zomwe zinatanthauza madola pafupifupi 22,000 kwa aliyense, kuphatikizapo mwayi woyezedwa ndi kulandira thandizo la kuchipatala. Ligiyo sinavomere kulakwa kulikonse, ndipo mkulu wake, Gary Bettman, wakhala akunena kuti sayansi sinatsimikize kuti kuvulala m'mutu kwa mu hockey kumabweretsa CTE.

Thandizo lina lilipo, ndipo ndi loyamikika. Daniel Carcillo, yemwenso anali womenya komanso mnzake wapamtima wa Montador, anayambitsa Chapter 5 Foundation kuti ithandize osewera kuzolowera moyo akapuma. Timu ya Vancouver Canucks inayambitsa Hockey Talks pokumbukira Rypien, kuti anthu azikamba poyera za thanzi la m'maganizo. Koma taonani kumene zinachokera: kumaliro. Chifundo cha anamfedwa n'chabwino, koma chifundo munthu amapereka akafuna. Ngongole amabweza, afune asafune. Amene anapeza phindu pa mutu wa munthu ayenera kuusamala mutuwo kwa nthawi yonse imene ukudwala, ngakhale papite zaka 30.

Nanga ife oonera? Apa ndi pamene pamandiwawa. Ine sindinagule tikiti, sindinalembe aliyense ntchito. Komatu nkhonya zija zinkalipidwa chifukwa anthu ankaimirira ndi kukuwa, ndipo lero kavidiyo kamafika pa foni yanga chifukwa anthu ngati ine timabwereza katatu. Gawo langa ndi laling'ono, koma lilipo. Ndipo chomwe ndinkachemerera usiku uja ndimachidziwa bwino, chifukwa nanenso ndinakula ndikumva kuti mwamuna salira. Enforcer ndi mwamuna ameneyo atapatsidwa yunifolomu ndi malipiro. Munthu amene ntchito yake yonse ndi kusaonetsa mantha, angayambe bwanji kuuza mnzake kuti usiku sagona?

Kavidiyo kaja ndinakafufuta pa gulu, m'malo mwake ndinalemba mayina anayi aja ndi zaka zawo: 28, 27, 35, 35. Awiri oyambawo ndi amsinkhu wanga. Mnzanga wa "anadzisankhira okha" uja sanayankhe kanthu, koma m'mawa mwake anandiimbira foni, tinacheza pafupifupi ola lathunthu. Za hockey sitinakambeko n'komwe. Anandiuza zinthu zimene wakhala akuzisunga mumtima kwa chaka chonse.

Inu muli ndi mnzanu amene aliyense amati ndi wolimba? Munamufunsa liti kuti zikuyenda bwanji, n'kudikira yankho lenileni?